App yoodera katundu wakunja: kiyibodi bhoo, jekete pang'ono, pawabanki ayi ndithu

Anthu angapo akhala akundifunsa ku inibokosi kuti app ija ndimaoderapo katundu wakunja ili bwanji, ndi yodalirika kapena ndi zija zongodyera anthu ndalama, nde ndati m'malo moyankha mmodzimmodzi bola ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina lake sinditchula, sanandilipire kuti ndiwatsatse malonda komanso pali zina ndinene apa zoti sangasangalale nazo. Mungodziwa kuti ndi imodzi mwa ma app aja omwe eni ake sagulitsa katundu okha, iwo amangokhala ngati eni bwalo la msika, ogulitsa ndi anthu ena masauzandemasauzande, ambiri ali ku China, amaika zithunzi ndi mitengo yawo, iwe n'kusankha, kulipira ndi khadi, basi n'kuyamba kudikira. Ine ndaodapo zinthu zitatu, kiyibodi ya laputopu, jekete ndi pawabanki. Nyenyezi ndikupereka 3 pa 5 ndipo yachitatuyo ndapereka monyinyirika.

Ndiyambe ndi zabwino poti zilipo ndithu. Laputopu yanga ndi gogo, yatha zaka 8, ndiye mabatani anayi anangosiya kugwira ntchito tsiku limodzi kuphatikizapo la "a", tangoganizani kulemba Chichewa popanda a, kkkk ndinkachita kukopa a kwinakwake n'kumamata m'mawu aliwonse. Modelo imeneyi anasiya kalekale kupanga ndipo aliyense yemwe ndinamufunsa yankho linali limodzi, gulani ina. Tsiku lina ndinangoitembenuza, kuwerenga nambala ili kunsi kuja, kuilemba mu app, aaa pompo ogulitsa oposa 10, aliyense ali ndi kiyibodi yakeyo yeniyeni, ena mpaka akufunsa kuti mukufuna yoyaka magetsi kapena ya wamba. Inafika patatha masiku 19 atayikulunga bwinobwino m'katoni ndi pulasitiki ya timabuluni ija ana amakonda kuphulitsa. Kuika kwake ndinaonera pa YouTube, mnyamata wina wa ku India akufotokoza mu Hindi, sinnamve ngakhale liwu limodzi koma ndinkangotsatira manja ake, akamasula sikuluu ine kumasula, akakweza kakabati kakang'ono kogwira kachingwe kaja ndi chikhadabo ine chimodzimodzi, ndikuimitsa vidiyo masekondi asanu alionse thukuta lili kamukamu kuopa kuthyola. Inagwira. Ndemanga ino ndikulembera pa kiyibodi yomweyo, ma a onse mukuwaonawa ndi a ku China.

Nde usiku umenewo ndinakhala n'kumaganiza kuti mawu aja oti globalization, omwe ndinkangowamva m'kalasi ndi pa nyuzi n'kumati ndi za anthu ovala masuti kumisonkhano, kodi si izi zachitika patebulo pangazi. Laputopu inajambulidwa mapulani dziko lina, inalumikizidwa dziko lina, sipeya yachokera kwina, mphunzitsi wanga ali ku India ndipo sadziwa n'komwe kuti ndilipo. Tanthauzo lake n'lomwelo basi, katundu, ndalama, nzeru ndi nkhani kumadutsa malire a mayiko mosavuta mpaka chuma cha dziko ili kumadalira cha dziko ilo ngati zala za dzanja limodzi.

Ndipo sizinangoyamba zokha ayi. Kale katundu padoko ankakwezedwa thumba limodzilimodzi, bokosi limodzilimodzi, sitima kumakhala masiku ambirimbiri ikungodikira, kuba nakonso kuli mkati. Bambo wina wa ku America, Malcom McLean, yemwe anali ndi kampani ya mathiraki, anati bwanji tizingonyamula bokosi lonse lachitsulo kuchoka pa thiraki kuika pa sitima osatsegula. Pa 26 April 1956 sitima yake Ideal X inanyamuka ku Newark kupita ku Houston ndi makontena 58. Lero sitima zikuluzikulu zimanyamula makontena oposa 24,000 ulendo umodzi tikamawerenga aang'ono aja a mamita 6, ndipo katundu woposa 80 peresenti yemwe mayiko amagulitsana amayenda panyanja. Ndekuti mtengo wonyamulira chinthu chimodzi umatsika mpaka kukhala ngati palibe. Onjezanipo bungwe la WTO lomwe linayamba mu 1995 kuti mayiko azichepetsa misonkho ndi zotchinga pa malonda, China n'kulowamo mu December 2001, onjezaniponso intaneti ndi foni m'thumba mwa aliyense, ndi momwe zafikira poti munthu uli gone pabedi ukugula sipeya ku Shenzhen, mzinda womwe mu 1980 pomwe boma la China linkausankha kukhala dera lapadera la malonda unali kamalo kakang'ono chabe koma lero kuli anthu oposa 17 miliyoni.

Za kudikira ndisakunamizeni, app imakupatsa nambala yotsatira phukusi lako ndipo masiku oyamba imasangalatsa, "lanyamuka kosungira katundu", "lafika pabwalo la ndege", "latuluka m'dziko", kenako zii. Masiku 11 osasintha kanthu, ine kumatsegula app kasanu patsiku ngati ndikudikira zotsatira za mayeso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, apa ndiye pake. Ngati chinthu mukuchifuna sabata ino musaode kumeneku.

Jekete ndidutsapo msanga. Nsalu ili bwino, zipi yolimba, mtundu wake wasiyana pang'ono ndi wa pachithunzi koma osati zodandaulitsa. Vuto saizi. Ndinaoda XL monga ndimavalira nthawi zonse, itafika manja akulekeza pamwamba pa wotchi, kutseka zipi ndiye kusiya kupuma. XL wa kumeneko si XL wa ku Ulaya kapena America, ndipo kunena zoona kulakwa kunali kwanga, wogulitsa anaika tebulo la miyeso mu masentimita pansi pa zithunzi ine osawerenga. Mng'ono wanga ndi amene anapindula, akuivala mpaka lero osathokoza n'komwe.

Tsopano pawabanki, apa nde khalani pansi. Pachithunzi inali yokongola zedi, yakuda, ya kasikirini koonetsa maperesenti, analemba 20,000 mAh (nambala yoonetsa kuchuluka kwa moto womwe imasunga), nyenyezi pafupifupi 5, ndemanga zambirimbiri, mtengo wotsika moti munthu wanzeru akanakayika koma ine dyera linandipha. Inatenga masiku 52. Pambuyo pake ndinamva chifukwa chake, mabatire a lithium akawonongeka amatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa, nde kuyambira 2016 bungwe loona za ndege padziko lonse la ICAO linaletsa kuwanyamula ngati katundu payekha mu ndege zokwera anthu, ndekuti amayenda njira zina zochedwa. Sungani mfundo imeneyi ibweranso.

Ndikuuzeni kaye kanthu kena koti ambiri sadziwa kuti tisanamizire ogulitsa onse. Ngakhale pawabanki yachilungamo ya 20,000 mAh siingadzaze foni ya batire ya 5,000 mAh kanayi ayi. Nambala ija amawerengera pa mavoti 3.7 a mabatire amkati, pomwe potuluka pa USB mphamvu imakwezedwa kufika mavoti 5 ndipo ina imatayika ngati kutentha, nde ukapeza kawiri ndi theka kapena kuyandikira katatu uziti zili bwino. Yangayi inadzaza kamodzi, ulendo wachiwiri inafika 30 peresenti n'kuzima, kasikirini kaja kanali kakuonetsa 60 kenako mwadzidzidzi 0. Chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ndinalimba mtima n'kumati bola ikugwirako, koma sabata yachitatu ndinaona kuti siikukhazikikanso patebulo, ikugwedera ngati mbale yopindika, kuyang'ana m'mbali pulasitiki yayamba kutseguka, batire yatupa. Abale batire ikatupa musaichajenso, musaiboole, musaiike pafupi ndi bedi, ichotseni m'nyumba.

Apa ndi pomwe ndinaidziwa bwino app imeneyi. Ndinalembera wogulitsa, yankho linabwera ine ndili mtulo poti kwawo kunali kutacha, ndipo zikuonekeratu kuti ndi makina omasulira akulankhula, "bwenzi lokondedwa musadandaule, chonde jambulani vidiyo". Ndinajambula. Mawa lake, "bwenzi lokondedwa, chonde ichajeni maola 10 kenako muyesenso". Chinthu chotupa ndichaje maola 10, mukufuna nyumba ipse? Tsiku linalo, "bwenzi lokondedwa, vidiyo sikuoneka bwino". Uthenga umodzi patsiku, umodzi patsiku, ine osadziwa kuti masiku omwe app imapereka oti udandaule mwalamulo ukalandira katundu akutha, ndipo kucheza ndi wogulitsa ku inibokosi sikuwerengedwa ngati dandaulo. Nditazindikira n'kuti kwatsala tsiku limodzi. Ndinatsegula dandaulo, kuyankhidwa ndi loboti, kuzungulira mafunso omweomwewo mpaka ndinapeza munthu, iye n'kunena mwaulemu kwambiri kuti palibe vuto ndalama zonse tibweza, ingotumizani katunduyo kwa wogulitsa.

Mwaikumbukira mfundo ija? Batire ya lithium yotupa palibe wa positi kapena kampani yonyamula maphukusi yemwe angailandire, ndipo akulondola, ine nditakhala iwo sindingailandirenso. Ngakhale ikanakhala yabwinobwino, kutumiza kaphukusi kamodzi kubwerera kumadula kuposa chinthucho, chifukwa pobwera chinabwera pamodzi ndi zinzake masauzande mu kontena pomwe pobwerera chikuyenda chokha. Msewu umenewu ndi wopita mbali imodzi. Mapeto ake anandipatsa kagawo kochepa ka ndalama zanga, osati ku khadi ayi, koma ngati kuponi yoti ndigulirenso zinthu pa app yomweyo. Patapita milungu iwiri ndinati ndikaone sitolo ya wogulitsa uja, kulibe, yafufutika, koma zithunzi zomwezija za pawabanki yomweija zili pa sitolo ina ya dzina latsopano, nyenyezi 5.

Chomwe chinandipweteka si ndalama kwenikweni. Ndi kuona kuti katundu ali ndi pasipoti, ndalama zanga zili ndi pasipoti, zinadutsa malire m'masekondi ochepa, koma dandaulo langa lilibe pasipoti. Munthu ukagula chinthu kwa wogulitsa yemwe mukuonana maso ndi maso, chikafa umabwerera nacho, amachita manyazi, amaopa mbiri yake, zikavuta pali malamulo a dziko lomwe nonse mukukhalamo. Apa wogulitsa ali dziko lina, kampani ya app inalembetsedwa dziko lina, ndalama zinadutsira banki ya dziko lina, wonyamula ndi wina, aliyense akuloza mnzake ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene ungamugwire malaya. Mtunda womwewo umene ukuchititsa kuti zinthu zitchipe ndi umenenso ukubisa wolakwa.

Ndipo nditayamba kuganiza choncho ndinaona kuti si ine ndekha amene dandaulo lake silidutsa malire, ine ndiye zanga n'zazing'ono. Mabatire ambiri a mafoni ndi malaputopu amakhala ndi chitsulo china chotchedwa cobalt, ndipo pafupifupi 70 peresenti ya cobalt yense wokumbidwa padziko amachokera ku DR Congo, madera a ku Kolwezi uko, komwe kupatula migodi ikuluikulu kuli anthu okumba ndi manja m'maenje oopsa ndipo zadziwika kuti ana amapezekamo. Mwalawo umapita kunja, wambiri ku China, kukayengedwa, kukapangidwa batire, ndipo phindu lalikulu limatsala komwe apanga chinthu osati komwe akumba. Wokumba uja akafuna foni adzagula cobalt wake yemwe pamtengo wa chinthu chopangidwa kale.

Nditapereka jekete ija ndinachita chidwi n'kuyamba kuwerenga timapepala ta m'khosi mwa zovala zanga zonse, Bangladesh, Vietnam, China, Turkey, Bangladesh kachiwiri. Dzina la Bangladesh limandikumbutsa Rana Plaza. Pa 24 April 2013 nyumba ya nsanjika 8 ku Savar kufupi ndi Dhaka, momwe munali mafakitale osokera zovala makampani otchuka a ku Ulaya ndi America, inagwa n'kupha anthu 1,134. Ming'alu inaoneka dzulo lake koma osoka anauzidwa kuti abwere kuntchito basi. Ogula zovalazo anali kutali, samadziwa, ndipo mtengo wotsika sumafotokoza kuti watsika chifukwa chiyani. Koma pomwepanso musathamangire kunena kuti tonse tingosiya kugula, chifukwa ku Bangladesh komweko zovala ndi zoposa 80 peresenti ya zomwe dzikolo limagulitsa kunja ndipo zimalemba ntchito anthu pafupifupi 4 miliyoni, ambiri amayi omwe kale analibe malipiro awoawo. Ku China nako World Bank imati anthu pafupifupi 800 miliyoni atuluka mu umphawi wadzaoneni m'zaka 40, ndipo kugulitsa katundu kunja kunathandiza kwambiri. Nde mwina wogulitsa kiyibodi uja makolo ake anali alimi osauka, iye lero ali ndi bizinesi chifukwa cha anthu ngati ine. Sindingatukwane msewu womwe wandibweretsera kiyibodi chifukwa choti wabweretsanso pawabanki yowola, koma sindingauimbirenso m'manja ngati kuti palibe akulira.

Olira ena ndi omwe ntchito zawo zinasamuka. Manchester ku England nthawi ina inali likulu la nsalu za thonje padziko lonse mpaka ankaitcha Cottonopolis, lero mafakitale aja ena ndi nyumba zogona ena maofesi. Zimenezi zachitikira matauni ambiri m'mayiko olemera ndi osauka omwe, wopanga nsapato kapena zovala pang'onopang'ono sangapikisane ndi fakitale yotulutsa masauzande patsiku. Wogula amasangalala ndi mtengo, koma wogula yemweyo ndi amenenso amafuna ntchito Lolemba.

Chinanso, unyolo ukatalika chonchi mphete imodzi ikaduka onse mwagwa. Mukukumbukira March 2021 sitima ija Ever Given, yotalika mamita 400, itapingasa mu ngalande ya Suez ku Egypt masiku 6? Sitima zoposa 400 zinaima pamzere, ngalande yomwe nthawi imeneyo pankadutsa pafupifupi 12 peresenti ya malonda a dziko lonse, chifukwa cha sitima imodzi. Nthawi ya Covid nayo mafakitale a magalimoto m'mayiko angapo anaimitsa ntchito chifukwa chosowa timachipi ta makompyuta, tinthu tating'ono kuposa chikhadabo, ndipo machipi apamwamba kwambiri ochuluka amapangidwa pachilumba chimodzi, Taiwan. Masiku 11 aja app inali zii ndinkangoganiza kuti kaya phukusi langa lakodwa pati.

Tibwerere ku app. Kagwiritsidwe kake ndi kosavuta, kusaka ndi nambala ya modelo kapena ndi chithunzi kumagwira bwino kwambiri, apa ndiwayamikire. Chomwe chimanditopetsa ndi phokoso, mauthenga tsiku lonse, kawotchi kowerenga chobwerera kuti mtengo uwu utha pakapita mphindi 10 koma mawa ukupeza kawotchi komweko kayambiranso, kagudumu kozungulitsa kuti uwine mphatso, zonsezo n'zoti ugule zinthu zomwe sunadzuke ukuzifuna. Ndinazimitsa manotifikesheni onse ndipo mtendere unabwerera pang'ono, ngakhale ku imelo amandipezabe. Nyenyezi za pamenepo musazikhulupirire kwambiri, ndinabwerera kukawerenga ndemanga za pawabanki ija, zambiri za nyenyezi 5 zinali zoti "yafika bwino, sinnaiyese", ena analemba tsiku lomwe alandira. Zoona zake zimakhala mu ndemanga za nyenyezi 1, 2 ndi 3, makamaka zokhala ndi zithunzi zojambula ogula okha, ndikanawerenga zimenezo ndikanaona kuti anthu awiri anali atanena kale za kutupa.

Nde kwa amene mukufuna kuyesa, ine ndinganene kuti masipeya osowa, zingwe, makesi, tizipangizo ta ntchito zamanja, zinthu zoti zikafika ukuona ndi maso kuti ndi chomwecho kapena ayi, odani, mupeza zomwe simukanazipeza kwina kulikonse. Zovala tengani tepi muziyeze, zilembo za saizi zisiyeni. Yang'anani kuti sitoloyo yakhala zaka zingati, ya miyezi iwiri ithaweni. Potsegula phukusi jambulani vidiyo kuyambira lisanang'ambidwe, ndipo chinthu chikavuta tsegulani dandaulo mu app tsiku lomwelo, za "bwenzi lokondedwa" muzicheza nazo dandaulo lili kale mkati. Kumbukiraninso kuti dziko lililonse lili ndi malamulo ake a msonkho wa katundu wolowa, mtengo wa pa sikirini nthawi zina si womaliza. Koma chilichonse chokhala ndi batire yaikulu, cholowa pamagetsi a m'nyumba, chodzola kapena chomwa, ine ayi, sindidzayesanso kwa munthu yemwe angafufute sitolo yake usiku umodzi.

Pawabanki ija ilipobe. Ndinaiika m'chitini cha mchenga panja kutali ndi chilichonse choyaka, poti kuitaya mu bini ya zinyalala wamba ndi kuika moto m'galimoto ya otola zinyalala, ndipo ndikufufuzabe malo olandira mabatire akufa. Lipoti la UN linati mu 2022 mokha dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi ndipo zosakwana kotala ndi zomwe zinasonkhanitsidwa n'kukonzedwanso moyenera, nde kanga kaja kangowonjezera pamulu, katayenda ulendo wa masiku 52 kudzagwira ntchito milungu itatu. Kuponi ija ndinaigwiritsa ntchito, musandiseke, ndaodera mahinji a laputopu yomweyi poti chivundikiro chayamba kulira ndikamatsegula, kwa wogulitsa kiyibodi yemwe uja. Lero m'mawa ndalandira imelo yochokera ku app, akuti tasankha zinthu zomwe mungazikonde, kutsegula, pamwamba penipeni pawabanki yakuda ya kasikirini, 20,000 mAh, kawotchi kakuti kwatsala mphindi 10.